Asidi wa M'zipatso: Ubwino Wake, Malire Ake, ndi Zoyenera Kudziwa Musanagule Mapiritsi

Mukafika pa Makoni, pa Chikwanha kapena pa misika ya ku Zengeza ndi St Mary's, mupeza amayi atayala malambe, masau, mandimu ndi magwafa malinga ndi nyengo yake. Chapafupi pomwepo pali sitolo ya mankhwala, ndipo pa alumali pake pali mabotolo a vitamini C, ufa wosungunulira m'madzi ndi makapisozi olembedwa kuti ndi "achilengedwe". Ena amagulitsidwa kudzera pa WhatsApp, ena amabwera m'zikwama kuchokera ku South Africa. Ogulitsa amati amalimbitsa chitetezo cha m'thupi, amatsuka magazi, amachepetsa thupi, amachotsa kutopa.

Odwala ndi owasamalira amafunsa kawirikawiri kuti: kodi zimenezi n'zoona, ndipo ndigule? Yankho lachidule n'lakuti asidi wa m'zipatso amathandizadi thupi m'njira zingapo zodziwika bwino, koma mlingo umene thupi limafuna ndi wochepa, ndipo anthu ambiri angaupeze m'zipatso ndi ndiwo zamasamba za pamsika. Mapiritsi amafunika kwa anthu ochepa, ndipo kwa ena angathe kuvulaza. Tsamba lino likufotokoza zifukwa zake, kuti mukamatulutsa ndalama muzidziwa chimene mukugula.

Kodi asidi wa m'zipatso n'chiyani?

Kuwawasa kumene mumamva mukaluma ndimu kapena kumung'unya malambe kumachokera ku asidi amene chipatso chimapanga chokha. Alipo a mitundu ingapo, ndipo mayina awo amalembedwa m'Chingerezi pa mabotolo. Citric acid ndiye wochuluka m'mandimu ndi m'malalanje. Malic acid amapezeka kwambiri m'maapozi. Tartaric acid ndiye amawawasitsa bwemba ndi mphesa. Ascorbic acid ndi dzina la akatswiri la vitamini C. Ufa wa malambe, amene anzathu olankhula Chishona amawatcha mauyu, uli ndi mitundu ingapo ya asidi ameneyu pamodzi.

Akatswiri adawadziwa kalekale. Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden adapatula citric acid m'madzi a mandimu m'chaka cha 1784, ndipo chaka chotsatira adapatula malic acid m'madzi a maapozi. M'chaka cha 1937, Hans Krebs adafotokoza momwe maselo a thupi amatulutsira mphamvu kuchokera m'chakudya, ndipo adaonetsa kuti citric acid ndi malic acid ali m'kati mwa ntchito imeneyo. Ogulitsa ena amagwiritsa ntchito mfundo imeneyi ponena kuti mapiritsi awo "amapatsa mphamvu". Chimene satchula n'chakuti thupi lanu limapanga lokha asidi awiriwa tsiku lililonse kuchokera mu nsima, nyemba ndi mafuta amene mwadya. Silisowa kuwalandira kuchokera m'botolo.

Vitamini C ndi wosiyana. Nyama zambiri, monga mbuzi ndi agalu, zimampanga m'thupi mwawo, koma munthu sangathe. Ayenera kumulandira kuchokera m'chakudya, ndipo popeza thupi silimusunga wambiri, ayenera kumulandira pafupipafupi.

Dziwaninso kuti mawu akuti "achilengedwe" pa botolo satanthauza kuti wina adafinya zipatso. Pafupifupi citric acid yense wogulitsidwa masiku ano amapangidwa m'mafakitale podyetsa shuga nkhungu yotchedwa Aspergillus niger, ndipo vitamini C wa m'mapiritsi amapangidwanso kuchokera ku shuga. Zimenezi si zoipa, pakuti thupi silisiyanitsa vitamini C wa m'fakitale ndi wa m'gwafa. Koma musalipire ndalama zambiri chifukwa cha chithunzi cha chipatso chimene chili pa chikuto.

Ntchito ya vitamini C m'thupi

Vitamini C amathandiza thupi kupanga kolajeni, ulusi wolimba umene umamanga khungu, nkhama, mitsempha ya magazi ndi mafupa. Bala likamapola, thupi limaluka ulusi umenewu. Munthu akakhala mwezi umodzi kufikira itatu osadya chipatso kapena ndiwo zamasamba, amayamba kufooka, nkhama zimatupa ndi kutuluka magazi, mano amagwedera, mabala sapola ndipo mfundo za mafupa zimaphwanya. Matendawa amatchedwa sikavi, ndipo akalekereredwa amapha.

Kale matendawa ankasautsa amalinyero oyenda panyanja miyezi yambiri. M'chaka cha 1747, dokotala wa ku Scotland dzina lake James Lind adagawa amalinyero 12 odwala sikavi m'magulu a awiriawiri, napatsa gulu lililonse mankhwala osiyana. Awiri amene adapatsidwa malalanje ndi mandimu ndiwo adachira msanga. Padapita zaka zambiri kuti chochiritsacho chidziwike, ndipo Albert Szent-Györgyi wa ku Hungary adalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1937 chifukwa cha ntchito yake pa vitamini C.

Nkhaniyi ikukhudzanso mabanja athu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna ambiri ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Northern Rhodesia adabwera kudzagwira ntchito m'migodi ya dziko lino. Chakudya cha m'makomboni chinali ufa wa chimanga ndi mchere, ndiwo zili apo ndi apo. Wolemba mbiri Charles van Onselen, m'buku lake lotchedwa Chibaro la m'chaka cha 1976, adafotokoza kuti sikavi anali m'gulu la matenda amene adapha antchito ambiri m'migodimo. Kwawo amunawa adakula akudya masuku, malambe ndi masamba a m'munda. Chimene chidawapha sikunali kusowa kwa mapiritsi, koma kudya nsima yopanda ndiwo miyezi yambiri.

Kodi mumafuna wochuluka bwanji?

Mabungwe a WHO ndi FAO amalangiza kuti munthu wamkulu azilandira mamiligalamu 45 a vitamini C patsiku, mayi woyembekezera 55, ndipo woyamwitsa 70. Ku America mlingo wake ndi wokwererapo: 75 kwa akazi, 90 kwa amuna, ndi 35 owonjezera kwa osuta fodya. Mlingo uliwonse umene mungatsatire ndi wosakwana mamiligalamu 100 kwa munthu wamba.

Tsopano yerekezani ndi zipatso. Magalamu 100 a gwafa ali ndi mamiligalamu oposa 200. Magalamu 100 a lalanje ali ndi oposa 50 pang'ono, a papaya pafupifupi 60. Ndiye kuti gwafa limodzi, kapena lalanje limodzi lalikulu, likukwanira tsiku lonse. Ufa wa malambe umasiyana mphamvu malinga ndi mtengo wake ndi kasungidwe kake, koma kawirikawiri umaposa lalanje kangapo mukayeza kulemera kofanana. Kabichi, repu, mpiru, tomato, tsabola wobiriwira ndi mbatata nazonso zimawonjezerapo.

Mapiritsi ambiri a m'sitolo amakhala a mamiligalamu 500 kapena 1,000. Matumbo amayamwa gawo lalikulu la vitamini C akakhala wochepa, koma mukapitirira mamiligalamu 1,000 patsiku, amayamwa wosakwana theka. Wotsalayo amatuluka ndi chimbudzi, ndipo woyamwidwa mopitirira muyeso amatayidwa ndi impso mumkodzo. Malire amene munthu wamkulu sayenera kupitirira ndi mamiligalamu 2,000 patsiku. A ana ndi otsika kwambiri.

Ubwino woyamba: kuthandiza magazi

Kwa anthu amene chakudya chathu chachikulu ndi nsima, ubwino waukulu wa asidi wa m'zipatso uli pano. Kuchepa kwa magazi, kumene kumasautsa kwambiri amayi oyembekezera, atsikana amene adatha msinkhu ndi ana aang'ono, nthawi zambiri kumayamba chifukwa chosowa ayironi. Ayironi wa mu nyama, chiwindi ndi nsomba amalowa m'thupi mosavuta. Wa mu nyemba, khobwe, mtedza ndi masamba amalowa movutikira, chifukwa chimanga ndi nyemba zili ndi zinthu zimene zimamugwira m'matumbo kuti asayamwidwe. Tiyi ndi khofi nazonso zimamugwira.

Vitamini C amamasula ayironi ameneyu ndi kumusintha kuti matumbo amuyamwe. Citric acid ndi malic acid amathandizanso, ngakhale pang'ono. Koma kuti zimenezi zitheke, asidiyo ndi ayironiyo ziyenera kukumana m'mimba pa nthawi imodzi. Piritsi lomwedwa m'mawa silithandiza nyemba zodyedwa madzulo.

Choncho chitani izi. Finyirani ndimu pa ndiwo zamasamba kapena pa nyemba mutaziphula kale pamoto. Idyani gwafa, lalanje kapena masau mukangotha kudya nsima. Thirani supuni ya ufa wa malambe m'phala la mwana phalalo litazizirako. Tiyi mumwe patapita ola limodzi kapena awiri mutadya, osati pamodzi ndi chakudya.

Kuyambira chaka cha 2017, malamulo a dziko la Zimbabwe amafuna kuti ufa wa chimanga ndi wa tirigu wopangidwa m'mafakitale uzithiridwa ayironi ndi mavitamini ena. Chipatso chodyera limodzi chimathandiza kuti ayironi ameneyunso asapite pachabe.

Ngati muli oyembekezera, kusikelo amakupatsani mapiritsi a ayironi ndi folic acid. Bungwe la WHO limalangiza mamiligalamu 30 kufikira 60 a ayironi tsiku lililonse pa nthawi ya pakati. Zipatso sizilowa m'malo mwa mapiritsi amenewa. Imwani monga momwe namwino wakuuzirani, ndi madzi kapena ndi chipatso, osati ndi tiyi kapena mkaka.

Ubwino wachiwiri: miyala ya mu impso

Miyala yambiri ya mu impso imapangika pamene kashiamu ndi chinthu chotchedwa oxalate zigwirana mumkodzo. Citrate, amene ndi mchere wochokera ku citric acid, amagwira kashiamuyo asanapange mwala. N'chifukwa chake madokotala amalembera potassium citrate anthu ena amene miyala imawabwerera kawirikawiri. Amenewa ndi mankhwala enieni, operekedwa pambuyo poyeza magazi ndi mkodzo, osati ogula mwa kufuna kwanu.

Madzi a mandimu amakwezako citrate mumkodzo, ngakhale osafika pa mphamvu ya mankhwalawo. Chothandiza koposa ndi kumwa madzi okwanira kuti mkodzo uzituluka woyera, ndi kuchepetsa mchere m'chakudya.

Apa pali chenjezo limene ambiri salidziwa. Citric acid amathandiza kupewa miyala, koma vitamini C wochuluka amachita zosiyana, chifukwa thupi limasandutsa gawo lina la vitamini C kukhala oxalate. Kafukufuku wa ku Sweden wofalitsidwa m'chaka cha 2013, amene adatsatira amuna oposa 23,000, adapeza kuti omwa mapiritsi a vitamini C ankadwala miyala ya mu impso pafupifupi kawiri kuposa osamwa. Ngati mudadwalapo miyala, mapiritsi a mamiligalamu 1,000 si anu.

Ubwino wachitatu: potsegula m'mimba

Anthu a ku Chitungwiza sangaiwale kolera ya mu 2008. Idayambira muno m'mwezi wa August, ndipo pofika chaka cha 2009 inali itagwira anthu oposa 98,000 m'dziko lonse ndi kupha oposa 4,000. Idabweranso mu 2023. Mankhwala amene amapulumutsa miyoyo yambiri pa nthawi ngati imeneyi ndi kapaketi ka ORS, kamene ku Malawi kamadziwika ndi dzina lakuti Thanzi. M'kapaketi kosungunulira mu lita imodzi ya madzi muli shuga, mchere, potassium, ndi magalamu 2.9 a citrate. Ntchito ya citrate ameneyu ndi kubwezeretsa magazi m'malo mwake pamene kutsegula m'mimba kwawachititsa kukhala ndi asidi wambiri.

Onani kuti mphamvu ya ORS ili m'kuyeza bwino kwa zinthu zonsezo pamodzi. Madzi a mandimu, juwisi wa malambe kapena zakumwa zotsekemera za m'botolo sizingalowe m'malo mwake, ndipo zotsekemera kwambiri zimawonjezera kutsegula m'mimba. Ngati paketi palibe, pangani madzi a shuga ndi mchere monga amaphunzitsira m'zipatala za dziko lino: masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'mamililita 750 a madzi owiritsa kapena othira kolorini. Yambani kumwetsa wodwalayo uku mukupita naye kuchipatala.

Musadalire kufinyira ndimu m'madzi a pachitsime kapena a pamjigo poganiza kuti mwapha tizilombo. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe kolorini.

Zimene amalonda amalonjeza

Chimfine. Ganizo lakuti vitamini C wambiri amateteza ku chimfine lidafalitsidwa ndi katswiri wotchuka Linus Pauling m'chaka cha 1970. Kuyambira pamenepo layesedwa kambirimbiri. Akatswiri a bungwe la Cochrane ataunika zotsatira zonse m'chaka cha 2013, adapeza kuti kwa anthu wamba kumwa vitamini C tsiku lililonse sikuchepetsa kangati munthu amadwala chimfine. Kumafupikitsa masiku odwala ndi magawo 8 pa 100 aliwonse kwa akuluakulu ndi magawo 14 kwa ana, ndiye kuti maola owerengeka chabe. Kuyamba kumwa chimfine chitayamba kale sikudaonetse phindu lodalirika. Madzi ofunda a mandimu amafewetsa pakhosi, ndipo palibe choletsa kuwamwa, koma sachiza chibayo, chifuwa chachikulu kapena COVID-19.

Kuchepetsa thupi. Makapisozi a Garcinia cambogia ali ndi hydroxycitric acid, wochokera ku chipatso cha ku Asia. Pa kafukufuku wa anthu 135 wofalitsidwa mu 1998, amene adamwa makapisozi enieni kwa milungu 12 sadatsike thupi kuposa amene adamwa makapisozi opanda mankhwala. Komanso pali anthu amene chiwindi chawo chidawonongeka atamwa mankhwala ochepetsa thupi okhala ndi chomerachi. M'chaka cha 2009, bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidachenjeza anthu za mankhwala otchedwa Hydroxycut chifukwa cha vuto la chiwindi, ndipo adachotsedwa m'masitolo pa nthawiyo.

Kutopa ndi kuphwanya kwa thupi. Makapisozi a malic acid amagulitsidwa ndi lonjezo limeneli, koma kuyesa kumene kudachitika kunali kwa anthu ochepa ndipo sikudapereke umboni wogwira mtima. Kutopa kosatha kungakhale chizindikiro cha kuchepa kwa magazi, shuga, HIV, chifuwa chachikulu kapena matenda a maganizo, ndipo zonsezi zimayezedwa ndi kuthandizidwa kuchipatala.

Kutsuka magazi. Magazi amatsukidwa ndi chiwindi ndi impso, ndipo mlingo wa asidi m'magazi a munthu wathanzi umasungidwa ndi impso ndi mapapo. Ndimu, viniga wa maapozi kapena ufa uliwonse sizisintha zimenezi. Wogulitsa akakuuzani kuti botolo limodzi lichiza shuga, khansa, kuthamanga kwa magazi ndi HIV, bwezani ndalama m'thumba.

Kupindula ndi zipatso ndi ndiwo zimene muli nazo

Chaka chonse pamakhala chipatso china chotsika mtengo. M'nyengo yozizira kumabwera malalanje, manachesi ndi mandimu, komanso masau ochokera m'chigwa cha Zambezi, kumadera ngati Muzarabani. M'chilimwe muli malambe ochokera m'madera otentha monga Mudzi, Rushinga ndi Nyanyadzi. Mvula ikamayamba kumabwera masuku, amene kuno amatchedwa mazhanje, kenako mango, kenako magwafa. Malambe amene ana athu amamung'unya panjira ndi omwewo amene mayiko a ku Ulaya adawavomereza m'chaka cha 2008 kuti azigulitsidwa kumeneko, pempho lake litaperekedwa ndi bungwe la PhytoTrade Africa. Kumeneko ufa wake ndi wodula. Kuno uli pamsika.

Chipatso chimaposa piritsi chifukwa chimabwera ndi zina: gaga wothandiza m'mimba, potassium, ndi mavitamini ena. Koma vitamini C sachedwa kuwonongeka. Kutentha, mpweya, dzuwa ndi madzi ambiri ophikira zimamutha. Soda ndi chidulo, zimene timathira m'therere kapena m'masamba kuti afewe, zimamuwononga msanga. Choncho tsukani masamba musanawadule, phikani ndi madzi ochepa kwa nthawi yochepa, ndipo msuzi wake musautaye. Mfutso ndi wabwino pa nthawi yosowa ndiwo, koma vitamini C wambiri amakhala atapita ndi dzuwa, ndiye tsiku lodya mfutso pezani chipatso. Ufa wa malambe usungidwe m'chotengera chotseka bwino, pamalo ouma ndi amdima, ndipo usawiritsidwe.

Samalaninso ndi madzi. Juwisi wa malambe ndi zoziziritsa za m'timapepala ta pulasitiki zogulitsidwa mumsewu zimakhala zabwino malinga ndi madzi amene zidapangidwira. Pa nthawi ya kolera kapena tayifodi, pangani zanu kunyumba ndi madzi otetezedwa. Odwala shuga akumbukire kuti zakumwa zimenezi zimathiridwa shuga wambiri kuti kuwawasa kuthe.

Mwana wosakwana miyezi 6 safuna juwisi kapena ufa wa chipatso chilichonse. Mkaka wa m'mawere uli ndi vitamini C womukwanira.

Amene angafunikedi mapiritsi

Pali anthu amene dokotala angawalembere vitamini C: amene apezeka ndi sikavi, okalamba okhala okha amene amadalira tiyi ndi buledi, omwa mowa kwambiri, odwala amene satha kudya bwino kwa nthawi yaitali, amene matumbo awo sayamwa bwino chakudya, ndi ena amene ali ndi mabala aakulu kapena adapsa ndi moto. Kwa anthu otere mapiritsi ndi otsika mtengo ndipo amagwira ntchito msanga. Mlingo ndi masiku ake azinena ndi wachipatala.

Amene ayenera kusamala

Odwala impso. Impso zofooka zimalephera kutulutsa oxalate ndi potassium. Citrate amachititsanso kuti thupi liyamwe aluminium wambiri kuchokera m'mankhwala ena a chilungulira. Musamwe chilichonse chowonjezera musanafunse dokotala wanu.

Omwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi a mtima. Potassium citrate akaphatikizana ndi enalapril, losartan kapena spironolactone angakweze potassium m'magazi mpaka kusokoneza kugunda kwa mtima. Mapiritsi osungunulira m'madzi, otulutsa thovu aja, amakhala ndi sodium wambiri, yemwe ndi wofanana ndi wa mumchere umene mudauzidwa kuti muchepetse. Chipatso cha grapefruit chimasokoneza mankhwala monga nifedipine ndi simvastatin.

Omwa ma ARV. Ambiri tsopano akumwa TLD, amene muli dolutegravir. Vitamini C payekha alibe vuto ndi mankhwalawa, koma mabotolo ambiri amasakaniza vitamini C ndi kashiamu, ayironi, magnesium kapena zinc, ndipo zimenezi zimagwira dolutegravir m'matumbo kuti asalowe bwino m'magazi. Malangizo ake ndi akuti dolutegravir amwedwe maola 2 musanamwe zowonjezerazo kapena maola 6 mutazimwa. Tengani botololo mukalionetse kwa namwino wa ku kiliniki yanu, kuti akuuzeni nthawi yoyenera.

Amene ali ndi ayironi wochuluka m'thupi. Ena amalandira magazi kawirikawiri, monga odwala sickle cell, ndipo ena adamwa kwa zaka zambiri mowa wamasese wofululidwa m'migolo yachitsulo, vuto limene lidafufuzidwa kwambiri muno mu Zimbabwe. Kwa amenewa vitamini C wowonjezera angakulitse vutolo.

Amene ali ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa G6PD. Mlingo waukulu kwambiri wa vitamini C, makamaka wodzera m'diripi, ungaswe maselo ofiira a magazi.

Odwala shuga. Vitamini C wochuluka amasokoneza makina ena oyezera shuga, n'kuonetsa nambala yolakwika.

Odwala khansa amene akulandira chithandizo, ndi amayi oyembekezera, afunse kaye asanamwe chilichonse chimene sadapatsidwe kuchipatala.

Ngakhale kwa munthu wathanzi, mlingo waukulu umabweretsa kutsegula m'mimba, nseru, kupotokola m'mimba ndi chilungulira. Asidi amadyanso chikuto cholimba cha mano, ndipo chikatha sichimeranso. Musamangomwa madzi a mandimu pang'onopang'ono tsiku lonse, musazolowere kumung'unya mapiritsi otafuna, ndipo mukadya chowawasa chukuchani m'kamwa ndi madzi, n'kudikira theka la ola musanatsuke mano. Viniga asamwedwe wosasungunula, chifukwa amawotcha kummero.

Musanagule

Werengani zimene zalembedwa pa botolo. Pakhale dzina la chimene chilimo, mlingo wake m'mamiligalamu, dzina la kampani yopanga, ndi tsiku lothera ntchito. Ufa kapena makapisozi ogulitsidwa m'kathumba kopanda dzina muwasiye.

Mu Zimbabwe, bungwe la Medicines Control Authority of Zimbabwe ndilo limayang'anira mankhwala, ndipo kuyambira 2015 pali malamulo okhudzanso mankhwala azitsamba ndi owonjezera ngati amenewa. Gulani m'sitolo ya mankhwala yovomerezeka, ndipo funsani wogulitsayo ngati chinthucho chidavomerezedwa. Zimene abale akutumizirani kuchokera kunja zionetseninso kwa wachipatala.

Dzifunseni ngati ndalama imeneyo singagule zipatso, mazira, matemba ndi ndiwo za banja lonse. Nthawi zambiri ingagule, ndipo phindu lake limafikira aliyense pakhomo.

Koposa zonse, musasiye mankhwala amene mudapatsidwa kuchipatala chifukwa choti mwapeza "achilengedwe". Ma ARV, mankhwala a chifuwa chachikulu, a shuga, a khunyu ndi a kuthamanga kwa magazi alibe chipatso cholowa m'malo mwawo.

Nthawi yopita kuchipatala

Pitani ku kiliniki ya m'dera lanu, kaya ku Seke, ku Zengeza kapena ku St Mary's, kapena ku Chitungwiza Central Hospital, mukaona chimodzi mwa izi: nkhama zotuluka magazi kapena mano ogwedera, bala limene silikupola, kuyera kwa m'zikhatho ndi m'zikope pamodzi ndi chizungulire kapena befu, ululu waukulu m'nthiti kumsana wotsikira kuchinena, kapena magazi mumkodzo, maso achikasu ndi mkodzo wakuda mutayamba kumwa makapisozi alionse, kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha, chifuwa chosatha, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda popanda chifukwa.

Popita, nyamulani mabotolo onse amene mukumwa, ogula nokha ndi opatsidwa ndi abale omwe. Namwino kapena dokotala sangakulangizeni bwino pa zimene sadazione.